Msomali wa Bambo

Ku Tsekwe,
Harnley,
6 Novembala 1994

Wokondedwa mlongo wanga Alwyn,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mlamu wanga Moira ndi ana. Kodi bondo lija linapola, kapena ukutsimphinabe kumbuyo kwa nkhosa za eni ake? Kuno ife tilipo. Desmond wayamba kutsokomola monga achitira chaka chilichonse chisanu chikafika, koma mwamuna wanga ameneyu ukumudziwa, mankhwala ake ndi kudandaula basi. Ine ndilibe vuto, kungoti miyendo imatupa ndikaima tsiku lonse.

Kwanuko ku New Zealand akuti kwayamba kufunda. Kuno masamba anayoyoka onse, mvula ikugwa cham'mbali, ndipo msewu wa kumlatho wasanduka phala.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba lamya. Ndakuimbira kawiri mwezi wathawu, ndipo kawiri konseko ndinangokamba za mvula. Unandifunsa za bambo, ine n'kuyankha kuti ali bwino, akusamala maluwa awo. Ndinakunamiza. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, ndipo usayambe kundiweruza usanamalize, chifukwa ndikukudziwa iwe.

Ndiyambe ndi Tsekwe, nyumba yathu yogulitsa mowa ija, poti papita zaka khumi ndi ziwiri chiikireni mayi m'manda iwe osapondamo m'nyumba imene unabadwira. Ndi maso sungaizindikire. Ndi mphuno mwina ungathe, chifukwa fungo lija la utsi wa nkhuni, mowa wolowerera m'matabwa ndi agalu onyowa lakana kuchoka ngakhale ndapaka penti katatu.

Ukukumbukira Lamlungu masana? Belu la kutchalitchi likangoleka kulira, bambo ankatsegula chitseko pa 12 koloko yeniyeni, osati mphindi imodzi isanakwane, anthu azizidwe asazizidwe panjapo. Oyamba kulowa anali a Beddoes ndi galu wawo wa diso limodzi, kenako a Tudge ndi majombo a ndowe, kenako a Gittins akutsutsa kale nkhani imene munthu sanaiyambe. Palibe ankaitanitsa. Bambo ankangotambasula dzanja ku mtanda wa denga, kutsitsa chikho chachitsulo cha munthuyo pa msomali wake osayang'ana n'komwe, n'kukoka mpope pang'onopang'ono mpaka thovu lifike chala chimodzi.

Mowa wofiirira uja, Alwyn. Wozizira ndi kuzizira kwa chipinda cha pansi chabe. Bambo ankati mowa wa mufiriji ndi wa anthu amene safuna kudziwa chimene akumwa. M'mawa uliwonse ankatsikira pansipo kukagogoda migolo n'kuikapo khutu ngati dokotala. Mgolo ukangofika suukhudza masiku atatu, ankatero, usiyeni ugone, nsenga zitsike. Iwe ndi ine ankatiletsa ngakhale kuthamanga pamwamba pake.

Chakudya chinali chimodzi chokha. Mayi ankaphika chitumbuwa chachikulu cha nyama ya ng'ombe ndi impso, msuzi wakuda ukutumphukira m'mbali, ndipo wochedwa ankadya tchizi ndi anyezi wa mu viniga osadandaula. Iwe unkaba khoko la m'mphepete likadali lotentha, wokalipiridwa n'kukhala ine chifukwa ndine wamkulu. Sindinaiwale. Pofika 2 koloko mawindo anali atachita nthunzi, makadi akumenyedwa patebulo, a Gittins atagona kukamwa kuli yasa, mayi akuimba kukhitchini. Ndikamatseka maso ndimaiona nyumba ija, ndipo mtima umandiwawa.

Koma madala atatu ndi galu sangaimitse nyumba. Mudzi unachepa, anyamata anapita kutauni, ena mpaka kutsidya la dziko ngati wina amene sindimutchula. Bambo atandipatsa makiyi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo n'kusamukira m'kanyumba ka patsidya pa msewu, ine ndi Desmond tinaona kuti tikapanda kuphika titseka. Tinagwetsa khoma la chipinda cha makadi n'kuikamo matebulo khumi ndi anayi.

Masiku ano Lamlungu magalimoto amafika mpaka kutchalitchi. Anthu a kutauni amabwerera nyama ya ng'ombe yootcha, mbatatesi zokazinga m'mafuta a tsekwe, msuzi umene Desmond amauyamba Lachisanu, ndi maapozi a m'munda mwathu ophika ndi kirimu. Sindichita nazo manyazi. Chakudya chathu n'chabwino, ndipo mayi akanachilawa akanapeza chonena koma mbale akanaimaliza. Madala aja ndinawasiyira benchi imodzi pafupi ndi moto, ndipo zikho zawo zinatsala pa mtanda. Alendo amazikonda, amazijambula.

Bambo ankabwera tsiku lililonse masana n'kukhala pa benchi imeneyo. Ukuwadziwa. Munthu amene waima kuseri kwa kauntala zaka makumi anayi sakhala pansi ngati mlendo. Ankauza anthu pokhala, ankakankhira agalu a alendo pafupi ndi moto, ankafunsa amayi ovala bwino ngati amuna awo amagwira ntchito yeniyeni kapena ya mu ofesi. Ndinkapirira. Ndinkangoluma mano n'kumwetulira.

Tsopano imva zimene ndinachita. Linali Lamlungu lachiwiri la Juni, dzuwa lili bwino, nyumba yodzaza mpaka kumunda. Mgolo umene tinali kumwa unatha 1 koloko isanakwane. Wina unalipo, koma unali utagona tsiku limodzi ndi theka lokha. Ndinaima pansipo ndikuuyang'ana, pamwamba anthu akuitana, ndipo ndinadziuza kuti anthu a kutauni adziwa chiyani. Ndinautsegula.

Chikho choyamba cha mgolo umenewo chinapita kwa bambo. Anamwa kamodzi, n'kuchiika pa kauntala. Sanandiyang'ane. Anadzuka n'kuyamba kuyenda tebulo ndi tebulo, akutenga matambula m'manja mwa alendo, kuwayang'anitsa pawindo, n'kumapepesa mwaulemu kuti mowa umenewu sunagone, musamwe, mwana wangayu wathamanga, mumukhululukire akadaphunzira. Ine wa zaka makumi asanu ndi chimodzi, akadaphunzira. Anasonkhanitsa matambula khumi ndi limodzi n'kukawakhuthula mu sinki onse akuona. Mayi wina anaseka mokweza.

Ndipo ankanena zoona, Alwyn. Mowawo unali wa mtambo ngati madzi otsukira mbale. N'chifukwa chake ndinapsa mtima kwambiri.

Lamulo la nyumba ino ukulikumbukira. Bambo sankakalipira munthu, sankamugwira pakhosi, sankaitana apolisi. Munthu akalakwa kwambiri, iwo ankatsuka chikho chake, kuchipukuta, ndipo m'malo mochipachika pa msomali ankamupatsa m'manja. Basi. Munthuyo ankavala chipewa n'kutuluka, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti Tsekwe wamutsekera.

Ndinatenga chikho cha bambo pa kauntala paja. Ndinachitsuka. Ndinachipukuta pang'onopang'ono, ndipo ndinali ndi nthawi yokwanira yoti ndisinthe maganizo. Desmond anasuzumira pa chitseko cha kukhitchini n'kunditchula dzina kamodzi, motsitsa. Ndinamumva. Ndinawapatsa bambo chikho chawo m'manja.

Anachiyang'ana kanthawi, n'kuchitembenuza ngati akufuna dontho limene ndasiya. Kenako anati zikomo, mayi mwini nyumba. Chibadwire sananditchulepo choncho. Anachiika m'thumba la jekete, kuvala chipewa, n'kutuluka osafulumira.

A Beddoes anadzuka, ndi nyamakazi yawo ija, n'kudzitsitsira okha chikho chawo. A Gittins chimodzimodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanatsutse kanthu. A Tudge anasiya mowa wa theka, munthu amene sanasiyepo dontho ngakhale tsiku limene khola lawo linapsa. Pa chitseko anatembenuka n'kundiuza kuti iwe Hester, ndinakunyamula uli wakhanda ndipo unandinyowetsa suti ya ukwati, koma lero waposa pamenepo. Alendo ankaona ngati ndi sewero la kumudzi. Bambo wina anakweza dzanja kupempha mchere.

Ndinkati abwera mawa lake. Sanabwere. Ndinkati Lamlungu. Sanabwere. Nanenso sindinawoloke msewu, chifukwa mtima wouma umenewu ndinautenga kwa iwo omwewo, si kwa mayi. Tinakhala masabata atatu tikupatsana moni wa dzanja pawindo ngati anthu ongodziwana pa basi.

Kenako ndinagonja. Ndinaphika chitumbuwa cha impso monga ankaphikira mayi, ndekha, Desmond nditamuthamangitsa kukhitchini, n'kupita nacho. Anandilandira bwino. Anadya pang'ono, anati mchere wachepa, n'kundifunsa ngati mgolo uja unadzakhala bwino. Ndinati unakhala bwino Lachiwiri, monga ananenera. Ndinapepesa, ndipo ndinalira, ine amene sindinalire ngakhale pa ukwati wanga. Anandisisita paphewa n'kunena kuti zinatha kalekale, mwana salakwira bambo ake kawiri pa mlandu umodzi.

Ndiye ndinati tiyeni tsono, benchi yanu ikudikira. Anapukusa mutu. Anandikumbutsa mbali ina ya lamulo lija, imene ine ndinali nditaiwala. Munthu wopatsidwa chikho sabwerera yekha, ndipo womupatsayo sangamuitane. Ayenera kulowa naye munthu amene chikho chake chili pa msomali, amugwire pamkono, anene pamaso pa onse kuti uyu ndi wanga, ndikumuimira. Popanda zimenezo palibe kulowa.

Ndinaseka. Ndinati bambo, lamulo limeneli munalipanga nokha, silinalembedwe m'Baibulo, ndipo nyumba ndi yanga tsopano, ndikulithetsa lero lomwe. Iwo sanaseke. Anandifunsa ngati ndikuwakumbukira a Seth, bambo athu aang'ono.

Iwe unali wamng'ono, mwina ukungokumbukira kuti ankatipatsa maswiti onunkha fodya. Ine ndinkadziwa kuti anasiya kubwera, koma chifukwa chake ndinachimva tsiku limenelo. A Seth anamenya munthu pa makadi, bambo n'kuwapatsa chikho. Palibe anafuna kuwaimira. Akuti anabwera katatu ku chitseko chakumbuyo kudzapempha, ulendo wachitatu atanyamula chipewa m'manja, ndipo katatu konse bambo anawauza kuti lamulo ndi lamulo, silidziwa m'bale. Mayi anawachonderera, iwo anakana. Chisanu cha chaka chomwecho a Seth anamwalira ndi chibayo asanalowenso.

Bambo amvekere, ndinamukaniza mng'ono wanga wa bere limodzi mpaka kumanda, ndiye lero lamulo lifewe chifukwa lagwira ine? Ati ndikalowa pa chitseko chimenecho ndekha, ndiye kuti Seth ndinamutsekera pachabe. Mbale ndinanyamula, koma sindikumbukira mmene ndinawolokera msewu.

Usaganize kuti ndinangokhala. Ndinapita kwa a Beddoes, kwa a Gittins, kwa a Tudge, kuwapempha kuti abwezere zikho zawo pa misomali, mmodzi alowe nawo bambo. Onse anavomera msangamsanga, chifukwa nawonso anali atatopa. Koma bambo anakana. Ati atatuwa anatsitsa zikho ndi manja awo, ali kunja ngati ine, ndipo munthu wa kunja satsegulira mnzake. A Tudge anakwiya mpaka kumenya ndodo pansi, amvekere, iwe Enoch, ife tinkati tikukuperekeza, osadziwa kuti tikudzitsekera tonse kunja ngati nkhosa zopusa. Bambo anangoyankha kuti munayenera kuganiza musanadzuke pa benchi.

Desmond anadzipereka. Koma Desmond alibe msomali. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali m'banja lino bambo sanamupatsepo, ati munthu wakumwa tiyi apachike chiyani.

Ndiye Lamlungu lililonse madala anayi amakhala m'khitchini mwa bambo, akumwa mowa wa m'botolo umene iwo omwe amautcha madzi a sopo, akuyang'ana magalimoto patsidya. Ndimawatumizira nyama ndi mbatatesi. Atatuwo amamaliza. Mbale ya bambo imabwerera ili chimodzimodzi, atangosuntha chakudya uku ndi uku kuti ndione ngati adyako. Mowa wa mumgolo ndinayesa kuwatumizira mu jagi, anaubweza, ati umenewo umamwedwa pamene wagona.

Aonda, Alwyn. Lamba aboola mabowo awiri atsopano. Mwezi wa Seputembala anagwa m'munda, ndipo adokotala atawapima anandiitanira panja. Ati mtima watopa kwambiri, ndipo tisayembekeze kuti adzaona nkhosa zikubereka chaka chamawa. Tsiku lomwelo madzulo unaimba lamya, ine n'kukuuza za maluwa.

Pali china chimene sindinauze ngakhale Desmond. Masabata awiri apitawo, Lamlungu, belu litangoleka, ndinawaona pawindo akuwoloka msewu. Anali atavala jekete ija, thumba lili tumbi ndi chikho chija. Anafika pa chitseko n'kuima. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili pa chogwirira, mphuno ili m'mwamba, chifukwa nyama inali itangotuluka mu uvuni ndipo moto unali utayaka bwino. Kenako panafika banja lina la alendo ndi ana awiri. Bambo anawatsegulira, anagwira chitseko mpaka onse atalowa, anawauza kuti asankhe tebulo la pafupi ndi moto. Phazi lawo silinadutse pakhomo. Anatseka bwinobwino n'kubwerera.

Ine ndinali nditagwira mbale ziwiri za msuzi. Ndinakazipereka pa tebulo lolakwika.

Lachinayi lapitali ndinakwera pa mpando kuti ndipukute mtanda uja, chifukwa chichokereni madala sindinkafuna ngakhale kuuyang'ana. Zikho za akufa zilipo zisanu ndi zinayi, izo sizitsika, ndi lamulo linanso la bambo ako. Ndinazipukuta chimodzichimodzi ndikutchula mayina. Kumapeto kwenikweni, pakona pamene mtanda umalowa m'khoma, dzanja langa linagunda china chaching'ono, chakuda ndi utsi. Ndinachipukuta ndi epuloni. Panali zilembo ziwiri zokanda ndi mpeni, A ndi P.

Alwyn Pardoe, chidakwa iwe. Bambo anachipachika tsiku limene unakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, unamwa zikho zitatu modzionetsera n'kukasanza m'maluwa a mayi. Popita kutsidya unaiwala kuchitenga, monga unaiwalira malaya ako a mvula ndi kutsanzika anthu theka la mudzi. Sunachitsitse. Palibe anakupatsa m'manja. Mwa anthu onse amoyo pa dziko lino, ndiwe wekha amene uli ndi msomali mu Tsekwe.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, ndipo sindilizungulira. Bwera.

Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yometa nkhosa kwanuko ndipo manja ako akufunika. Ndikudziwa kuti ulendo wake ndi wa masiku awiri m'mwamba, iwe amene umadwala ngakhale pa thirakitala. Ndikudziwanso zimene ndinakuuza kumanda kwa mayi, kuti unathawa n'kundisiyira nkhalamba ndi migolo. Ndinanena ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo wanga waona tsopano zimene umachita. Ndikubweza mawu amenewo. Ngati ukufuna kundikalipira chifukwa cha chikho cha bambo, udzandikalipire kuno, ndidzaima chete kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Chibale ndi fupa, sichiola.

Ntchito yako ndi yochepa. Kuwoloka msewu umodzi, kugwira mkono wa bambo ako, kulowa nawo, n'kunena mawu anayi kapena asanu mokweza. Akalowa iwo, chikho chawo chikakwera pa msomali, adzaimira a Beddoes, a Beddoes aimire a Gittins, ndipo a Tudge adzakhala omaliza kuti aphunzire kusunga pakamwa. Tsiku limenelo sindidzalandira mlendo ngakhale mmodzi, magalimoto adzabwerere pa mlatho. Ungondiuza tsiku lofika nthawi ikadalipo.

Dzulo ndinapita kukawauza bambo za chikho chako. Anayang'ana manja awo. Kenako anati inde, mwa lamulo msomali umenewo ndi wamoyo. Ndinafunsa ngati ungathe kuwaimira pa lamya kapena pa kalata. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, ati munthu saimira mnzake pa pepala.

Atatero anayamba kundiletsa. Ati usamuvutitse mnyamatayo, ali ndi ana, ali ndi ntchito, munthu sangawoloke nyanja zonsezo chifukwa cha mowa wa nkhalamba. Ati ndakhala pa benchi imeneyo mokwanira, ndipo pano pawindo ndikuona zonse bwinobwino. Anandilumbiritsa kuti ndisakulembere. Ndinawauza kuti ndamva, koma sindinalumbire.

Nditavala chikhoti, dzanja lili kale pa chitseko, anandiitana. Anafunsa, ngati nkhani yongocheza, kuti kodi masiku ano kalata imatenga nthawi yaitali bwanji kufika kumene uliko. Ndinati masiku khumi, ikayenda bwino. Anagwedeza mutu n'kutembenukira kuwindo. Potseka chitseko ndinawaona akupinda zala chimodzichimodzi pa bondo, milomo ikuyenda.

Undiperekere moni kwa Moira, umuuze kuti ndikudziwa kuti ndikumulanda mwamuna pa nthawi yovuta ndipo sindidzaiwala. Tamsin ndi Rory uwapsompsone, ngakhale akuti akula. Desmond akupereka moni pakati pa chifuwa chake. Mulungu akusunge, akupatse ulendo wabwino, ndipo awasunge bambo mpaka ufike.

Usataye nthawi ndi kuyankha kalatayi. Pamene ukuiwerenga, zala zawo zatha kale.

Ndine mlongo wako wamkulu, wolakwa uja,

Hester